Kodi mpirawu useweredwa?

Pamene ndinali mnyamata ngati inu pa seminale yaing'ono, panali zinthu zitatu zokha zimene zinkatha kuimitsa mpira wathu wa Loweruka masana: maliro, mphezi ndi kuphulika kwa mpira weniweniwo. Mvula sinali chifukwa ayi. Tinkasewera m'matope mpaka osazindikirana kuti uyu ndi wa timu iti, ndipo wapagolo ankafika ku chakudya cha madzulo akuoneka ngati mbusa wa ng'ombe amene wagwera m'dambo. Dzuwa la mwezi wa Okutobala nalonso silinkatiopsa. Choncho ndikamva pa wailesi kuti masewero akutiakuti ku England alephereka chifukwa cha nyengo, ndinkaseka mumtima ndi kumati azungu ndi anthu amantha. Ndalemba nkhani ino kuti ndivomere pamaso panu, anyamata, abambo ansembe ndi makolo, kuti ndinkaseka chinthu chimene sindinkachidziwa. Amene anandichotsa umbuli umenewu ndi bambo anga ondibala, tsiku lina lozizira kwambiri m'mwezi wa Disembala chaka cha 2022.

Bambo anga ndi mphunzitsi wa pulayimale wopuma pa ntchito, ndipo kwathu ndi ku Dedza. Kuyambira ndili mwana, Loweruka lililonse dzuwa likapendeka iwo ankakhala pa khonde ndi wailesi yawo ya mabatire, akufunafuna BBC pakati pa phokoso la mphepo. Nthawi ikakhala 3 koloko masana ku England m'miyezi yawo yozizira, kwathu imakhala 5 koloko, ndipo pa ola limenelo mwana aliyense pakhomo pathu ankadziwa kuti kulira kapena kupempha ndalama ya sopo ndi kudziputira mavuto. Anali ndi kope limene ankalembamo zotsatira za masewero onse. Ankadziwa maina a matauni monga Burnley, Sunderland ndi Ipswich ngati kuti ndi Linthipe kapena Lobi, chonsecho anali asanakwerepo ndege. Analinso oimbira mpira pa mipikisano ya masukulu a m'dera lathu kwa zaka zambiri, ndipo wezulo wawo ankakhala pa msomali womwewo pamene pankakhala makiyi a nyumba.

Ine tsopano ndimagwira ntchito m'nyumba yosamaliramo okalamba m'tauni ina pafupi ndi Manchester. Mwana wathu woyamba atabadwa, ine ndi mkazi wanga tinasonkha ndalama kuti bambo abwere adzaone mdzukulu wawo. Anafika pakati pa mwezi wa Novembala ndipo tikiti yawo yobwerera inali ya Lachiwiri pa 13 Disembala. Tsiku lomwe anafika, atatha kunyamula khandalo ndi kulitcha dzina, anandiitanira pambali nati: "Mwana wanga, ine sindikufuna suti, sindikufuna nsapato. Koma ndisanabwerere undionetse mpira wa kuno ndi maso angawa. Makutu anga auona zaka makumi anayi, maso okha ndiwo atsala."

Tsoka lake linali lakuti bambo anabwera pa nthawi imene sinachitikepo m'mbiri ya mpira wa ku England. Mpikisano wa chikho cha dziko lonse unali kuchitikira ku Qatar kuyambira pa 20 Novembala mpaka pa 18 Disembala, ndipo chifukwa cha ichi Premier League inali itaima mpaka pa 26 Disembala. Matimu aakulu onse amene bambo ankawadziwa anali pa tchuthi. Koma maligi aang'ono anali kuseweredwabe, ndipo m'tauni yathu muli timu ina yaing'ono yokhala ndi bwalo lake lakalekale pakati pa nyumba za njerwa zofiira. Bambo anati zilibe kanthu, mpira ndi mpira.

Apa ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Panali Loweruka atatu amene ndikanatha kupita nawo, koma ulendo uliwonse ku ntchito ankandipempha kugwira maola oonjezera, ndipo ine ndinkavomera pokumbukira ngongole ya tikiti ya ndege. Ndinkangoti, "Bambo, tidzapita sabata yamawa." Iwo sankadandaula. Potsiriza ndinagula matikiti awiri a Loweruka lomaliza, pa 10 Disembala, ndipo ndinasinthana tsiku la ntchito ndi mnzanga wina. Ndinaiwala kuti mlendo ndi mame, ndiponso kuti chakudza sichiimba ng'oma.

Sabata yomweyo kunayamba kuzizira koopsa. Anthu a ku Dedza timadzitama kuti timakudziwa kuzizira, pakuti m'mwezi wa Juni ndi Julayi timadzuka udzu wa m'dimba utayera ndi chisanu, masamba a mbatata atapsa ngati wina anawathira madzi otentha. Koma chisanu chathu chimathawa dzuwa likangotuluka. Cha kuno chimakhala tsiku lonse, chifukwa m'mwezi wa Disembala dzuwa limatuluka 8 koloko itapitirira, limayenda m'munsimunsi ngati munthu wodwala msana, ndipo limalowa 4 koloko isanakwane. Lachisanu m'mawa bambo anasuzumira pa windo, naona magalimoto onse atayera, nati: "Lero ndiye ndadziwa chifukwa chake tsikuli analitcha Lachisanu." Tinaseka, koma ine mtima unali m'mwamba. Funso linali limodzi lokha m'mutu mwanga, ndipo linali pakamwa pa aliyense m'sitolo ndi m'basi: kodi mpira wa mawa useweredwa?

Kwa inu amene simunazionepo zinthuzi, ndiloleni ndizisiyanitse, popeza nanenso ndinkazisokoneza. Matalala mumawadziwa, aja amagwa ndi mvula yamphamvu ndi kuboola masamba a fodya. Chipale chofewa ndi china. Chimagwa mwakachetechete ngati thonje louluka ndi mphepo, ndipo chimaunjikana pansi ngati ufa woyera pa mphasa. Madzi oundana ndiwo mdani weniweni wa mpira. Kuzizira kukafika pa 0 kapena kutsikirapo, madzi amene ali m'dothi amauma gwa, ndipo bwalo limene dzulo linali lofewa limasanduka ngati simenti. Mapazi onse amene osewera anaponda sabata yatha amauma momwemo, m'mphepete mwake muli mwakuthwa ngati mapale. Nsapato za mpira zili ndi mano kunsi kwake kuti zizigwira nthaka, koma pa nthaka youma chotere manowo salowa, ndipo munthu amakhala ngati akuthamanga pa misomali pamwamba pa galasi. Chodabwitsa ndi chakuti chipale chofewa nthawi zina chimateteza bwalo, chifukwa chimakhala ngati bulangete loletsa chisanu kulowa m'dothi. Nchifukwa chake osamalira mabwalo odziwa ntchito yawo sathamangira kuchichotsa usiku, amadikira m'mawa wa tsiku la masewero.

Matimu olemera anapeza njira yothana ndi vutoli kalekale. Everton ndiyo inayamba ku England, m'chaka cha 1958, pamene inaika mawaya a magetsi pansi pa kapinga wa bwalo la Goodison Park kuti azitenthetsa nthaka. Masiku ano mabwalo aakulu ali ndi mapaipi oyenda madzi otentha pansi pa udzu, ndipo timu ya mu Premier League imayenera kukhala ndi njira yotere yotetezera bwalo lake. Koma zimenezi zimadya ndalama zambiri, poika ndi poyendetsa pomwe. Timu yaing'ono ngati ya m'tauni yathu imangodalira malona aakulu ofunditsa bwalo. Malonawa amathandiza chisanu chikakhala cha usiku umodzi kapena uwiri, koma chikakhalitsa masiku angapo chimalowa ndithu pansi pake.

Ngakhale mapaipi otentha sathetsa zonse. Pa 28 Novembala 2021 masewero a Burnley ndi Tottenham analephereka patangotsala nthawi yosakwana ola limodzi kuti ayambe, chifukwa chipale chinali kugwa mofulumira kuposa mmene anthu akanachichotsera. Mu Januwale 2010 masewero ambiri a Premier League anaimitsidwa ngakhale kuti mabwalo ena anali abwinobwino, pakuti misewu, masitepe ndi njira zoyendamo ochemerera zinali zoterera. Anthu zikwi makumi anayi akamatsika masitepe oundana mumdima, ngozi yake iposa ya osewera makumi awiri ndi awiri. Pa zotere apolisi ndi akuluakulu oona za chitetezo cha anthu amakhala ndi mawu, osati woimbira mpira yekha.

Loweruka m'mawa tinadzuka kunja kutayera mbee. Chipale chinali chitagwa m'bandakucha, ndipo wailesi inalengeza kuti bwalo la ndege la Manchester latseka kwa kanthawi misewu yake yonse iwiri yonyamukira ndege. Pa Facebook timu yathu inalemba kuti woimbira mpira adzayendera bwalo 11 koloko, ndipo inapempha aliyense amene ali ndi fosholo kuti abwere adzathandize. Ndinawawerengera bambo uthengawo pongofuna kuwadziwitsa, koma pamene ndinkamaliza iwo anali atayamba kale kumanga zingwe za nsapato. Mkazi wanga anayesa kuwaletsa, nati: "Bambo, kunjaku si kwa munthu wa msinkhu wanu, mudwala chibayo." Iwo anayankha kuti: "Mayi, munthu amene akufuna kudya nawo nsima ya pa dima sakhala m'nyumba anzake akulima." Tinawaveka jekete langa lalikulu, masokosi awiriawiri ndi chipewa cha ubweya cha mpongozi wawo, ndipo tinabwereka mafosholo awiri kwa aneba.

Pa bwalo tinapeza anthu ngati makumi asanu: madoda, amayi, ana a sukulu, ngakhalenso anyamata angapo a timu yomweyo. Mkulu wosamalira bwalo anatigawa m'magulu. Ena ankakankha chipale kuchichotsa pamwamba pa malona, ena ankachinyamula pa mawilibala kukachiunjika kuseri kwa magolo, ena ankawaza mchere pa masitepe, pakuti mchere umasungunula madzi oundana. Anatichenjeza kuti mchere usakhudze udzu chifukwa umauwotcha. Bambo anagwira fosholo ngati khasu, ndipo posachedwa anali atatenga mzere wawo ndi kumapita nawo mowongoka ngati akupanga mizere ya chimanga, mpweya ukutuluka m'kamwa mwawo ngati utsi. Azungu ena anasiya ntchito ndi kumawayang'ana. Mayi wina anawabweretsera tiyi m'kapu ya pepala nawafunsa kumene achokera, ndipo atamva kuti achokera ku Malawi ndi kuti aka ndi koyamba kuona chipale, nkhani inafalikira bwalo lonse. Aliyense ankafuna kuwagwira chanza.

Pa nthawi ya tiyi tinakhala pafupi ndi gogo wina amene anati wakhala akuchemerera timuyi kuyambira ali mwana. Iye anatiseka ife tonse, nati zimene tikuonazi ndi masewera chabe poyerekeza ndi chaka cha 1963. Bambo anatchera khutu, ndipo ine ndinazindikira kuti zambiri mwa zimene gogoyo ankanena iwo ankazidziwa kale. Nyengo yozizira ya 1962 mpaka 1963 inali imodzi mwa zoopsa kwambiri m'mbiri ya Britain. Ndime yachitatu ya chikho cha FA inayenera kuseweredwa pa 5 Januwale 1963, koma mwa masewero 32 atatu okha ndiwo anatheka tsikulo. Ndimeyo inatenga masiku 66 ndipo inatha pa 11 Malichi, masewero atasunthidwa maulendo 261. A Lincoln City ndi Coventry City okha anasunthidwa maulendo 15. Ku Norwich anayesa kusungunula bwalo ndi zida zolavula moto, ndipo ku Halifax anangogonja, natsegula bwalo lawo kuti anthu azilipira ndi kumatsetsereka pa madzi oundana. Masewero omaliza a chikhocho anachedwa mpaka pa 25 Meyi, pamene Manchester United inagonjetsa Leicester City ndi zigoli zitatu kwa chimodzi. Bambo anaonjezera okha kuti ku Scotland m'chaka cha 1979 masewero a Inverness Thistle ndi Falkirk anasunthidwa maulendo 29. Gogo uja anawayang'ana kukamwa kuli yasa, nafunsa kuti zimenezi anazidziwa bwanji. Bambo anangoloza khutu lawo.

Mnyamata wina amene anali nafe anatsutsa, nati mpira umatheka ndithu m'chipale ngati anthu ali olimba mtima. Sanali kunama kwenikweni. Pa 22 Malichi 2013 timu ya United States inasewera ndi Costa Rica ku Colorado chipale chikugwa kwadzaoneni, anthu akukolopa mizere ndi mafosholo mpira uli mkati, ndipo United States inapambana ndi chigoli chimodzi cha Clint Dempsey. Costa Rica inadandaula koma dandaulo lake silinamveke. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho ku Istanbul, masewero a Galatasaray ndi Juventus anaimitsidwa patatha pafupifupi theka la ola, napitirizidwa mawa lake pa bwalo la matope okhaokha, ndipo Wesley Sneijder anagoletsa chigoli chimene chinatulutsa Juventus mu mpikisanowo. Pa masiku otere amagwiritsa ntchito mpira wa mtundu wowala, wachikasu kapena wofiirira ngati lalanje, kuti uzioneka pa zoyera. Koma mkulu wosamalira bwalo anamuyankha mnyamatayo mwachidule kuti chipale chili pamwamba si nkhani, nkhani ili pansi pake. Maiko a kumpoto kwenikweni monga Norway, Sweden ndi Finland anavomereza kalekale kuti nyengo siyolimbana nayo, ndipo maligi awo amayamba chisanu chikatha ndi kutha chisanabwerenso. Germany imapumula pakati pa nyengo yozizira. Koma England imakonda mpira wake wa Disembala ndi Januwale, ndipo walira mvula walira matope.

Nthawi ya 11 koloko itakwana tinachotsa malona, ndipo udzu unaoneka wobiriwira bwino lomwe. Anthu anaomba m'manja. Woimbira mpira anatulukira, mwamuna wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, atavala nsapato za mpira ndi jekete lalitali, mpira uli m'khwapa. Malamulo amapereka kwa iye mphamvu yogamula ngati bwalo lili loyenera, ndipo amayendera m'mawa chotere kuti timu ya alendo ndi ochemerera ake asayende ulendo wautali pachabe. Tonse tinakhala chete. Anayenda bwalo lonse pang'onopang'ono, akuponda ndi chidendene. Anathamanga pang'ono, naima mwadzidzidzi, natembenuka. Anaponya mpira m'mwamba kuti aone mmene ukudumphira, naugubuduza pansi. Bambo ankamutsatira ndi maso osaphethira, ndipo ndinawamva akung'ung'udza okha kuti, "Eya, apo. Pitanso apo."

Mbali yaikulu ya bwalo inali bwino. Koma kummwera kwa bwalolo kuli chinyumba chachitali chokhalamo ochemerera, ndipo popeza dzuwa la Disembala limayenda m'munsi cha kummwera, mthunzi wa chinyumbacho umagwera pa bwalo tsiku lonse. Kachigawo ka m'mphepete mwa mzere, kotambalala ngati mayadi asanu kapena asanu ndi limodzi, kanali kasanaone dzuwa sabata yonse. Pamenepo woimbira uja anaima nthawi yaitali. Kenaka ananena kuti adzabweranso 12:30, ndipo ngati pamenepo padzakhala patafewa, mpira udzaseweredwa. Tinabwezerapo malona, ena anabweretsa makina opemerera mpweya wotentha, ndipo tinadikira tikupondaponda pansi kuti zala za kumapazi zisafe. Ola limodzi ndi theka limenelo linali lalitali kuposa maola onse oonjezera amene ndinagwira mwezi umenewo. Ndinkayang'ana bambo, mphuno yawo ikuchucha, manja ali m'khwapa, ndipo ndinkawerenga mumtima Loweruka atatu aja amene ndinawagulitsa.

Nthawi itakwana woimbira uja anabwera, napita molunjika pa kachigawo kaja. Sanachedwepo. Anaponda kawiri katatu, nayang'ana kumwamba, nalankhula ndi aphunzitsi a timu ndi mkulu wosamalira bwalo, kenaka anapukusa mutu. Anafotokoza kuti pamwamba pafewa pang'ono koma pansi mpouma, ndipo pofika chigawo chachiwiri cha masewero dzuwa lidzakhala litalowa ndipo bwalo lidzayambanso kuuma. Mpira walephereka.

Anthu ena anang'ung'udza, ena anangonyamula mafosholo awo. Ine ndinapsa mtima kwambiri. Ndinati kwa bambo m'Chichewa, mokweza ndithu: "Taonani bambo, bwalo lonseli lili bwino, koma munthu mmodzi akutilanda mpira chifukwa cha kamalo kosakwana ndi dimba la tomato! Kwathu tikanasewera." Bambo sanandiyankhe. Anandigwira dzanja ngati mwana wa Sitandade 1 napita nane pa kachigawo kaja. Anatulutsa kiyi wa nyumba yathu ya ku Dedza m'thumba, nandipatsa, nati ndimulowetse m'dothi. Ndinayesa. Kiyi analowa pang'ono chabe ngati chikhadabo, kenaka anagunda chinthu cholimba ngati mwala.

Tili chiimire pomwepo anandiuza nkhani imene anali asanandiuzepo. Chaka china, ine ndisanabadwe, anaitanidwa kukaimbira masewero omaliza a masukulu awiri. Atafika anapeza kuti mbali ina ya bwalo anthu anali atagumula chulu ndi kusiya maenje ndi zibuma zouma, atangozikwirira ndi udzu. Iwo anaona ndipo mtima unawauza kuti pamenepo mpoipa. Koma mafumu anali atakhala kale pa mipando, mbuzi inali itaphedwa, ana anali atayenda mitunda yambiri, ndipo aphunzitsi anzawo anati, "Aphunzitsi, kamalo kakang'ono ngati aka kangalepheretse tsiku lonse?" Anaimba wezulo. Chigawo choyamba chisanathe, mnyamata wina wothamanga kwambiri, wa zaka khumi ndi zinayi, anaponda m'dzenje mnzake akumutchinga, ndipo mwendo unathyoka pansi pa bondo. Chipatala chinali kutali ndipo fupa silinalumikizike bwino. "Mpaka lero amatsimphina," anatero bambo. "Ndimakumana naye pa msika, ali ndi zidzukulu tsopano. Amandipatsa moni mwaulemu, amati aphunzitsi muli bwanji, ndipo sananenepo kanthu. Koma ine ndimayang'ana mwendo uja. Mafumu aja anaiwala, amene anadya mbuzi anaiwala, amene anandikakamiza anaiwala. Wosewera sasankha poponda, mwana wanga, amapita kumene mpira wapita. Mnyamata uyu wachita chimene ine ndinalephera."

Atatero anapita kwa woimbira mpira uja, amene anali yekha pafupi ndi khomo anthu akumulambalala, namugwira chanza ndi manja awiri monga timachitira kwathu. Anamuuza m'Chingerezi chawo cha m'kalasi kuti nawonso anali oimbira mpira ku Africa ndipo agamula bwino. Mwamunayo anadabwa, nkhope yake inamasuka, ndipo anacheza nawo mphindi zingapo. Mkulu wosamalira bwalo atamva kuti bambo akubwerera Lachiwiri osaona mpira, anawatenga nawaonetsa chipinda chovalira osewera ndi kanjira kotulukira pa bwalo, ndipo anawajambula ataima pakatikati pa bwalo, fosholo ili m'manja, chipewa cha mpongozi wawo chili kumutu.

Tinafika kunyumba zala zitachita dzanzi. Mkazi wanga anali ataphika nsima ya ufa umene bambo anabwera nawo, ndipo titatha kudya tinatsegula kanema. Pa 3 koloko yomweyo imene tikanakhala tili ku bwalo, Morocco inali kuyamba kusewera ndi Portugal ku Qatar. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, Youssef En-Nesyri analumpha kuposa wapagolo nagoletsa ndi mutu, ndipo chigoli chimenecho chinakhala chokhacho mpaka mapeto. Morocco inakhala timu yoyamba ya mu Africa kufika mu ndime ya matimu anayi omaliza a chikho cha dziko lonse. Bambo anavina m'chipinda chochezera mdzukulu wawo ali m'manja, mpaka aneba anagogoda khoma. Madzulo ake England inagonja kwa France ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi, ndipo tauni yonse inangoti zii. Pogona ndinawapepesa chifukwa cha Loweruka atatu aja. Iwo anati: "Wachita bwino kupepesa, chifukwa unalakwadi. Koma usadandaule za lero. Anthu zikwizikwi amaonera mpira wa ku England atakhala pa mipando. Ndi angati a ku Dedza amene analimapo bwalo lake?"

Ndege yawo inanyamuka bwino Lachiwiri. Masewero aja anaseweredwa usiku wa Lachiwiri lina m'mwezi wa Febuluwale, ndipo matikiti athu anagwirabe ntchito. Ndinapita ndi mwana wa aneba amene anatibwereka mafosholo. Kunena zoona mpira wake sunali wokoma, unatha popanda chigoli, ndipo kunagwa mvula ya mawawa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nditawaimbira foni bambo m'mawa mwake, anandiuza kuti ndidikire atenge kope lawo, ndipo analemba zotsatirazo pamodzi ndi za matimu aakulu. Miyendo yawo tsopano yayamba kuvuta ndipo ulendo wina wa pa ndege sakuufunanso. Chithunzi chija chili pa khoma kwathu, pafupi ndi msomali wa wezulo.

Anyamata anzanga, ena mwa inu mumapatsidwa wezulo pa mipikisano ya makalasi kapena mukapita ku tchuthi kumudzi. Kwathu kulibe chipale, koma kuli maenje, zitsa, mabotolo osweka ndi mphezi za mwezi wa Disembala. Musanaimbe wezulo yendani bwalo lonse ndi mapazi anu, makamaka mbali imene anthu sakuyang'anako, ndipo mukapeza poipa nenani, ngakhale anzanu akunyozeni tsiku lonse. Ndipo kholo lanu likakupemphani kanthu kakang'ono kamene mungathe kuchita Loweruka lino, musakasungire Loweruka lomaliza monga ndinachitira ine.